Cholemera Chitsogole, Amatero a Mwanaidi

Azakhali anga a Mwanaidi Saiti amaphunzitsa Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale ku Mbedza, ndipo amadana ndi malonje. Sikuti ndi amwano ayi. Mukakumana nawo mu msika wa Zomba akufunsani za kunyumba, za mwendo wanu uja, za mbuzi imene inasowa chaka chatha. Malonje amene safuna kuwamva ndi a pamsonkhano, aja oti munthu waimirira, wakoka jekete, wayamba: "Olemekezeka apampando, olemekezeka alendo athu olemekezeka, olemekezeka mafumu onse..." Zikafika pamenepo azakhali amatembenukira kuphiri n'kumayang'ana mitengo ya paini mpaka munthuyo atatsika.

Nditabwera kuchokera ku Joni, kumene ndinakulira, ndinafikira kwa iwo. Ndinkayesa kuti kusapirira ndabwera nako ndine, poti kumeneko ukamazungulira nkhani anthu amangokusiya uli chilili. Ndinapeza azakhali ali nako kale, kwawokwawo, kosadutsa pa boda.

Anabadwira ku Mbedza komweko. Bambo awo anali telala wa pakhonde la sitolo m'tauni. Mayi awo, Abiti Stambuli, ankasenza nkhuni kuchokera kuphiri n'kumagulitsa m'makomo a anthu ogwira ntchito m'boma. Telala uja atamwalira, abale ake anabwera pa sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni, ndipo mpunga utatha anati makina osokera apite kwawo ku Jali. Abiti anali nawo mawu. Makinawo anagulidwa ndi thukuta la anthu awiri, ndipo ndi amene akanadyetsa ana. Anagwada pamphasa, nayamba kulonjera alamu awo mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina la bambo ake. Anathokoza amene anakumba manda, amene anabweretsa nsalu, amene anayenda wapansi kuchokera kutali. Asanatchule n'komwe makina, adhana yoitanira ku mapemphero inamveka ku mzikiti. Amuna aja anadzuka n'kumavala nsapato.

"Tamva, alamu. Mwalankhula mwaulemu kwambiri."

Madzulo ake makina anakwera njinga.

"Ine ndinali pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja," azakhali anandiuza tsiku lina tikusenda chinangwa. "Amayi anatchuka ndi ulemu mpaka ku Jali. Ndiye undiuze, iwe wa ku Joni, ulemuwo tinkaudyera ndiwo yanji?"

Anaphunzira movutika, ndi nkhuni zomwezo, mpaka anakhala mphunzitsi. Anakwatiwa, banja linatha, analera ana awo awiri okha. Zonsezo amazinena mwachidule ngati nkhani ya munthu wina. Koma mukawafunsa za Lachisanu masana, konzekani kukhala pansi.

Lachisanu masana amatulutsa kalasi yonse kupita pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa sukulu, kukaphunzitsa ana kulankhula pagulu. Ndinayamba kupita nawo chifukwa kunyumba kunkanditopetsa. Tsiku loyamba anabwera atasenza mtolo wa nkhuni, n'kuuponya pansi pakati pa ana.

"Amene anakwerapo phiri kukatola nkhuni, mkono m'mwamba."

Mikono inakwera, yambiri ya atsikana.

"Mumatola chilichonse chimene mwaona?"

"Ayi, madamu!"

"Mumasankha zimene khosi lingathe. Zina mumazisiya, ngakhale zili zouma bwino, mtima ukuwawa. Mumayala mitu mbali imodzi. Mumamanga kuno, mumamanga uko. Nanga potsika, cholemera chimakhala kuti?"

"Kutsogolo!"

"Nkhaninso ndi choncho. Cholemera chitsogole. Unene chimene chakuvuta. Unene chimene waona ndi maso ako, osati chimene anakuuza amalume ako. Unene chimene ukufuna tichite. Ukatero khala pansi, usatilalikire."

Kenako anavala magalasi akuda, anatenga foni yanga n'kuiika kukhutu.

"Ine ndine bwana. Ndafika mochedwa, ndichoka msanga, ndipo njala yandigwira. Galimoto yanga ndi iyo." Analoza wilibala ya sukulu imene inali chapatali. "Ndikakafika pamenepo usanandiuze chimene waimirira, waluza. Hamza, yamba."

Hamza ndi mnyamata wamfupi wa pakamwa posatseka. Anaimirira, anakoka jekete limene analibe, natsokomola ngati khansala.

"Olemekezeka madamu, olemekezeka mtengo wa mbawa, olemekezeka agalu a ahedi ndi mabanja awo..."

Ana anagwa ndi phwete. Azakhali sanaseke. Anayenda pang'onopang'ono, foni kukhutu, akunena kuti "eya, eya, ndikubwera, musunge nkhuku," mpaka anakakhala mu wilibala.

"Ndapita. Unkafuna chiyani, mwanawe?"

"Mpira, madamu. Wathu unaphulika."

"Uuze fumbi la galimoto yanga. Wina!"

Amene anawaimitsa tsiku limenelo anali Nadia, mtsikana wamtali wokhala kumbuyo, amene sakonda kulankhula koma mawu ake ndi aakulu ngati a munthu woitana wina kutsidya kwa mtsinje. Anati, "Bwana, mng'ono wanga walumidwa ndi galu wanu." Azakhali anaima phazi lili m'mwamba, natsitsa foni.

"Mwaona? Ndatembenuka ndekha. Palibe wandikoka."

Tsono m'kalasi mwawo munali khoma lodwala. Mvula yamphamvu ya chaka chinacho inafewetsa nthaka, ndipo khoma la kumbuyo, loyang'ana kuphiri, linang'ambika kuchokera kudenga mpaka pansi. Poyamba mng'aluwo unkangolowa chala. Pamene ine ndinkafika unkalowa dzanja, ndipo ana a kumbuyo ankaonera phiri pamenepo popanda windo. Galimoto yamatabwa ikadutsa mumsewu, dothi linkayoyokera m'makope mwawo. Mvula ina inali pafupi. Azakhali ankafuna chinthu chimodzi: ana atuluke m'chipindamo mitambo isanatsike.

Ahedi, a Yesaya, si munthu woipa. Anaphunzira limodzi ndi azakhali kuyambira Sitandade 1, ndipo amadziwana ngati mphika ndi chivundikiro. Za khomalo anakanena kumene amanena, anauzidwa kuti adikire, ndipo anadikira. Ndiye kunabwera uthenga woti kukubwera alendo: bungwe lina lodzapereka mabuku, limodzi ndi bwana wina wa zamaphunziro, khansala ndi mafumu. Sukulu inachita zimene sukulu zathu zimachita. Ana anasesa mpaka pansi panatuluka mizu. Miyala yonse ya m'mbali mwa njira inapakidwa laimu, mitengo inavekedwa masokosi oyera. Ndipo a Yesaya anatenga mapu aakulu a Malawi mu ofesi mwawo, nawakhomera pa mng'alu paja. Anakwanira ndendende, poti dziko lathu nalonso ndi lalitali ndi lowonda. Ana anayamba kunena kuti mng'alu wawo umayambira ku Chitipa n'kukathera ku Nsanje.

Ndinali pomwepo pamene azakhali anawapeza ahedi akutsika pa mpando, hamala m'manja.

"A Yesaya, mwatibweretsera jogalafe?"

"Madamu Saiti, mlendo sumuvulira bandeji pachilonda."

"Nanga akakhala dokotala?"

"Awa ndi a mabuku. Akaona izi adzati sukuluyi ndi yosasamalika, mabuku apite kwina. Ana anuwa adzawerenga chiyani, njerwa?"

"Adzawerengera pansi pa njerwa, mukapitiriza."

"Khomali laima chaka chonse."

"Nanunso mwaima zaka zambiri, koma tsiku lina mudzagona."

A Yesaya anaseka pang'ono, kenako nkhope inauma. Anatulutsa pepala m'thumba. Anati mwana mmodzi alankhule m'malo mwa anzake, ndipo asankha Nadia chifukwa cha mawu ake. Amupatsa mphindi zitatu. Zoti anene alemba okha: malonje a alendo onse motsata maudindo awo, kenako kuthokoza.

"Aloweze pamtima. Ndipo Mwanaidi, ndikukupemphani ngati mnzanga. Akuluakulu akachita manyazi pagulu saiwala. Adzakuponyani kutsidya kwa Chilwa, kumene makalata amafika pa bwato."

"Kumenekonso kuli ana," anatero azakhali, n'kulandira pepalalo ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

Lachisanu limenelo pansi pa mbawa anampatsa Nadia pepala lija anzake akuona.

"Ili ndi la ahedi. Uliwerenge, ndi lolembedwa bwino. Ine sindikulembera lina. Sindinalemberepo mwana mawu, ndipo sindiyamba lero. Koma nthawi ija akupatsa iwe, ndipo pakamwa ndi pako. Kalasi, tili ndi mtolo umodzi ndi khosi limodzi. Titola chiyani?"

Nkhuni zinabwera zambiri. Wina anati zimbudzi za atsikana zilibe zitseko. Wina anati phala limatha a Sitandade 7 asanalandire. Hamza anati mpira, ndipo anaunena katatu. Wina anati khoma. Anakangana mpaka dzuwa linapendeka, azakhali ali phee pa wilibala, akungofunsa kuti, "Zonsezo mwana mmodzi asenza?" Anasiya phala. Atsikana anasiya zitseko akung'ung'udza, atalonjezedwa kuti ulendo wina zidzatsogola. Hamza yekha anakakamira.

"Mpira ndi wotchipa, madamu. Bwana angathe kugula pompo. Khoma angonena kuti tiona."

"Ndiye mpirawo adzasewera ndani ife tili kuchipatala?" anatero Nadia. "Iwe umakhala kutsogolo chifukwa ndiwe wamfupi. Dothi limagwera ife."

"Wamtali ngati mlongoti, khomalo ungoligwira ndi mutu!"

"Basi," anatero azakhali. "Mwasankha. Tsopano timange."

Anamanga masana angapo. Nadia ankayamba, azakhali ankayenda kupita ku wilibala, anzake ankakuwa kuti "wapita! wapita!" Ankachotsa mawu, n'kuyambanso. Anachotsa "monga mukudziwa." Anachotsa "sitikudandaula koma." Funso lovuta linali la moni. Nadia anati sangaime pamaso pa mafumu osalonjera, amayi ake angamuphe. Azakhali anavomera. Anati moni si mdani, mdani ndi moni wodya nthawi ya nkhani. "Upeze chingwe chachifupi chomanga onse pamodzi."

Amake Nadia anamva, poti ku Mbedza nkhani siigona panjira. Amagulitsa masitiroberi ndi mapichesi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri, ndipo anafika kunyumba kwathu madzulo ena dengu lili pamutu. Anakana mpando, anakhala pa khonde.

"Madamu, ine sindinapite patali ndi sukulu. Koma ndikumva kuti mukuphunzitsa mwana wanga kudumpha mafumu. Mukufuna atchuke ndi mwano? Adzamukwatira ndani?"

"Amene adzamumve akalankhula."

"Musandiseke, madamu. Inu akakuchotsani mupita kwina ndi malipiro anu. Ife tikhala konkuno, ndi mafumu omwewo."

"Zoona, amake Nadia. Sindikutsutsani. Mukanena kuti asalankhule, salankhula, tipeza wina. Koma mawa popita kuphiri mudzere kusukulu. Mukakweze mapu aja, mukaone pamene mwana wanu amakhala."

Mayiyo anasiya kambale ka mapichesi pa khonde, nanyamuka. Ngati anapitadi kukaona, sanatiuze.

Tsikulo linafika kukutentha kwa Novembala, mitambo yakuda itaunjikana pamwamba pa phiri. Makolo anakhala pansi kuyambira m'mawa. Alendo anafika dzuwa litadutsa pamutu, magalimoto atatu, fumbi lawo n'kudetsa miyala ya laimu ija. Kwaya inaimba. Wapampando wa komiti ya sukulu analonjera onse. Khansala analonjera onse, kuphatikizapo wapampando. A Yesaya analonjera onse, ndipo ataiwala mfumu imodzi anabwerera kukayambira pamwamba. Ndinayang'ana mayi wa bungwe la mabuku: anali atavula nsapato imodzi pansi pa tebulo. Bwana wa zamaphunziro anali pa foni, ndendende ngati azakhali pansi pa mbawa, mpaka Hamza anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Akusungitsa nkhuku." Kuphiri kunagunda. Madalaivala analiza mainjini.

"Mwachidule," anatero a Yesaya, "mawu a ophunzira."

Nadia anatuluka, yunifolomu yosita, mpango woyera kumutu, pepala la ahedi lili m'manja. Anapinda maondo mpaka pansi, mwaulemu woti palibe akanaunyoza, nadzuka. Pepalalo analipinda pakati.

"Akuluakulu nonse, moni ndapereka kamodzi, mugawane. Khoma la kalasi yathu lang'ambika, ndipo tikuopa kuti litigwera mvula ikayamba."

Foni ya bwana inatsika.

"Chaka chatha mng'aluwo unkalowa chala changa. Lero ukulowa mkono mpaka m'chigongono. Galimoto ikadutsa, dothi limagwera m'kope langa. Ine ndimakhala pansi pake penipeni, ndi anzanga a mzere wa kumbuyo. Tikupempha mutitulutsemo mvula isanabwere, ngakhale mutiike pansi pa mtengo. Mabuku tathokoza kwambiri. Nthawi yanga yatsala, ndiye ndikupempha tiyende mukaone. Ndi apa pokha."

Anasiya pomwepo, naima chilili.

A Yesaya anadzuka akumwetulira ndi mano okha. "Zikomo mwanathu, zikomo. Kwaya! Nyimbo!" Koma theka la kwaya linali la Sitandade 7, ndipo onse ankayang'ana zala za kumapazi. Mkulu wina wa komiti, wa ndodo yake, anamenya pansi.

"Mwana wa ndani ameneyu, wogawa moni ngati mandasi?"

Kumbuyo kwa makolo kunaimirira munthu, dengu lili pambali.

"Ndi wanga, bambo. Ndipo ndinakaona. Mkono wanganso unalowa."

Mayi wa mabuku anavala nsapato yake. Ataimirira iye, bwana anaimirira, khansala sakanatsala, ndipo gulu lonse linatsata Nadia kudutsa pa miyala ya laimu kukalowa m'kalasi. Azakhali sanatsogole. Anali kumbuyo kwenikweni, manja kumsana, ngati munthu wongodutsa. Bwana anayang'ana mapu, nayang'ana a Yesaya. A Yesaya anapuma mozama, anatenga mpando, nazula misomali ndi manja awo. Mapu atagwa, kuwala kunalowa kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo pakati pake, cha ku Dedza, panatuluka dzanja laling'ono kuchokera kunja, likugwedera.

"Muli bwanji, olemekezeka?" anatero mawu a Hamza kuseri kwa khoma.

Mayi wa mabuku anaseka, kenako anasiya msanga atayang'ana kudenga, kumene mtanda unali utachoka pamalo pake. Bwana sanaseke n'komwe. Anauza aliyense atuluke, ndipo asanakwere galimoto analamula kuti chitsekocho chikhomedwe ndipo mwana asalowemonso. Mvula inawapeza ali pa geti.

Mabuku anatsala, sanapite kwina. Azakhali anaitanidwa ku ofesi m'tauni, anakakhala pa benchi tsiku lonse, nauzidwa kuti nkhani zotere zili ndi njira zake. Iwo anati njirazo akuzidziwa, a Yesaya anayendamo chaka chathunthu. Za kutsidya kwa Chilwa zimamvekabe apo ndi apo, ndipo iwo amati chikwama chawo n'chaching'ono, sichivuta kulongedza. Mkulu wa ndodo uja salankhulana ndi amake Nadia, koma mapichesi amatuma mdzukulu kukagula.

Sitandade 7 ikuphunzirira mu tenti imene inabwera patapita milungu ingapo. Imadontha pakona, masana imatentha ngati uvuni, ndipo mphepo ikatsika kuphiri bolodi amaligwira ana awiri. Chipinda chatsopano akuti chikubwera. Ndipo khoma lija, kunena zoona, silinagwe. Mvula yonse yadutsa, lili chiimire, mng'alu wake uli yasa, abuluzi akulowa ndi kutuluka.

A Yesaya salephera kukumbutsa. M'mawa uliwonse akamadutsa pa tenti amaloza ndi chibwano.

"Madamu Saiti, mdani wanu uja wadzuka bwino lero. Akupereka moni."

"Mumuuze agawane ndi abuluzi," amatero azakhali osatembenuka n'komwe. "Ligwe, lisagwe, pansi pake palibe mwana wa munthu."

Lachisanu lapitali ndinawapeza pansi pa mbawa, magalasi akuda kumaso, akuyenda kupita ku wilibala. Amene anaimirira anali kamtsikana kena ka mawu aang'ono, manja ali kumsana.

"Bwana," kanatero, "zimbudzi zathu zilibe zitseko."

Azakhali anaima phazi lili m'mwamba.